Abiti Mbenji Wadwala

Khoswe amene a Latifu anamuponya m'bokosi kumayambiriro kwa sabata anafika pakati pa sabata akadali moyo, wonenepa, akudzipukuta ndevu atakhala pamsana pa nsato ngati pampando wa bambo ake. Apo m'pamene a Latifu anadziwa kuti zinthu zaipa. Nsato yawoyo sinali yosewera ndi khoswe. Masiku onse khoswe akangogwera m'katimo, ntchito inkatha munthu asanatseke chivundikiro.

Inde, nsato. Musandiyang'ane choncho. A Latifu, bambo wosadumphitsa mapemphero a swala, wosoka maukonde wodziwika pagombe lonse la kumtunda kwa Senga Bay, ankasunga nsato m'chipinda chakumbuyo cha nyumba yawo. Kupatula akazi awo, a Hasina, panalibe munthu wina ankadziwa.

Bambowa anabadwira pagombe pomwepo ndipo anayamba kupalasa bwato ndevu zisanamere. Zaka zawo zamphamvu anazithera pachilumba cha Mbenji, komwe anali siginala, munthu uja amatsogola yekha pabwato ndi nyali kukopa nsomba kuti anzake aponye ukonde. Msana utayamba kukana, anatsika m'madzi n'kukhala pansi ndi singano. Ukonde wosokedwa ndi a Latifu unkang'ambika pena paliponse koma osati pamene adutsa iwo.

Mwana analibe. Ndanena mosazungulira chifukwa pamudzipo sankazungulira. Anayenda kuchipatala, anayenda kwa asing'anga mobisa, Ashehe anawachitira mapemphero a duwa mpaka kutopa, koma nyumba inakhalabe zii. Achibale anawakakamiza kuti akwatire wachiwiri, iwo anakana. Mawu a pamjigo ankagwera a Hasina, ndipo mayiwo anawasenza mpaka anasanduka munthu wa mawu ochepa ndi akuthwa.

Nsatoyo inabwera yokha. Chaka china, mvula ikuyamba, chilumba chikutsekedwa kwa asodzi monga mwa mwambo wake, mwini ukonde wina anawabweretsera chilimira chong'ambika, ukonde waukulu uja, kuchokera ku Mbenji. Pochifunyulula anapezamo kansato kotalika ngati mkono, katadzipinda, kakuwayang'ana. Tsono aliyense amene anagwirapo ntchito ku Mbenji amadziwa kuti njoka ya pachilumbapo siphedwa. Kukakataya kutchire, ana akanakaphwanya mutu tsiku lomwelo. Kukabweza kwawo, chilumba chinali chotseka mpaka dzinja lithe.

"Ndingokasunga mpaka atsegule," anatero kwa akazi awo.

"M'nyumba muno?"

"Miyezi yochepa chabe, mayi."

Chilumba chinatsegulidwa, chinatsekedwa, chinatsegulidwanso. Chaka chilichonse a Latifu ankapeza chifukwa: kakadali kakang'ono, kangofundula kumene, nyanja sili bwino. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Kansato kanasanduka nsato yonenepa ngati katumba ka mwendo wa munthu, ndipo bokosi analikulitsa ndi matabwa a boti lakale. A Hasina sankapondamo m'chipindamo. Ndi iwo anaipatsa dzina, mwa ukali, tsiku lina atawaitana amuna awo kuti adzadye koma osamveka: "Khalani konko kwa Abiti Mbenji wanuyo. Mkazi mnzanga wandiposa." Dzinalo linakhala.

Chakudya chake chinali makoswe a m'mashedi osungira nsomba zouma. A Latifu ankatchera misampha ulere, eni mashedi n'kumayamika, anyamata n'kumawaseka kuti Msilamu wanji wothamangitsana ndi mbewa. Iwo ankangoyankha kuti ali ndi mnzawo kumtunda amene amadya. Kuseka kumeneko kunali kopepuka poyerekeza ndi zimene zikananenedwa choonadi chikanadziwika. Kwathu kuno munthu wosunga njoka ali ndi dzina limodzi lokha, wokhwima. Ndiye muwonjezepo kuti munthuyo alibe mwana, nkhani yatha, palibenso wofunsa. Kuti chuma cha kukhwimako chili kuti, poti bambowa anali ndi njinga yopanda mabuleki ndi wailesi yomanga ndi mphira, zimenezo palibe akanaziganizira.

Koma chikondi, abale, sichifunsa kuti ichi chili ndi miyendo kapena ayi. M'mawa uliwonse akachoka kumzikiti, a Latifu ankalowa m'chipindamo, n'kutsegula bokosi, n'kupereka moni. Nsatoyo inkadzutsa mutu, lilime lili lawilawi, n'kukwera pamkono mpaka paphewa. Ankaiuza za mitengo ya ulusi, za msana wawo, za anzawo amene nyanja inawatenga. Munthu amene panja anali wouma pakamwa, m'menemo ankacheza ngati wailesi.

Chaka chimene ndikunenachi, chisanu chitangoyamba, linthumbu linalowa m'chipindamo. A Latifu anapeza nsato ikugudubuzika, nyerere zitaikuta pamutu. Anazichotsa ndi manja, zikuwaluma iwo omwe, ndipo analumbira kuti zimenezi sizidzachitikanso. Sabata yomweyo a zaumoyo anali atagawa maneti oteteza udzudzu, ndipo yawo inali ikadali m'pepala. Anaitulutsa m'pepalamo, n'kuiyala m'kati mwa bokosi monse, pansi ndi m'mbali, n'kuikhomerera bwinobwino ndi timisomali kuti ngakhale kanyerere kasapeze polowera.

"Neti yatsopano kupatsa njoka," anatero a Hasina, ataima pakhomo. "Ife tizidyedwa?"

"Yakale ija ndisoka. Kusoka ndiye ntchito yanga."

Anaisokadi, ndipo anapitiriza kugona m'chisanzacho mokondwa, podziwa kuti Abiti Mbenji ali pabwino.

Tsopano nayu khoswe atakhala pamsana pa nsato. A Latifu anamugwira mchira n'kumutaya panja, kenaka anagwada. Poyamba anadzinamiza kuti mwina ikufuna kufundula, koma maso ake sanali otuwa monga amachitira nthawi imeneyo. Sinadzipinde ngati nkhata monga mwa chizolowezi. Inangotambalala, mutu uli pansi ukunjenjemera pang'onopang'ono ngati wa nkhalamba. Ataikweza, inalendewera m'manja mwawo ngati chingwe chonyowa. Ataibweza pansi inagwera chagada, mimba yoyera ili m'mwamba, ndipo inatenga nthawi yaitali kuti idzitembenuze.

"N'chisanu ichi," anadziuza okha. Mwera unali utayamba kuwomba, mphepo ija imalowa ngakhale pamene palibe bowo. Anatenga mbali ya neti imene inatsala, n'kuipinda kangapo, n'kuifunditsa nsatoyo mpaka kumutu. Pamwamba anaikapo bulangete lawo, n'kutseka ndi nsanza timabowo tonse tolowera mpweya. Mawa lake anaipeza ikutuluka dovu kukamwa.

Anayesa mwanapiye, chakudya chimene inkachikonda kuposa zonse. Mwanapiye anayendayenda pamutu pake n'kuyamba kujompha matabwa. Anayesa uchi wosungunula m'madzi, kudonthezera pakamwa ndi kasupuni, koma unangotsikira m'mbali. Maukonde a anthu anaunjikana pakhonde osasokedwa. Wodwala munthu umaitana anansi, amabwera ndi phala ndi malangizo. Wodwala mbuzi umafunsa aliyense wodutsa. Koma uyu ukamufunsira kwa yani? A Latifu ankatuluka panja, n'kuyang'ana anthu akudutsa, n'kubwereranso m'nyumba.

Pomaliza anakwera kabaza mpaka pamsewu, n'kukwera minibasi ya ku Salima. Kumeneko kunali kasitolo ka mankhwala a ziweto, ndipo wogulitsa anali bambo wachinyamata dzina lake Mayeso, amene anaphunzira za ziweto ndipo anthu ankamutama kuti sathamangira kugulitsa asanafunse.

"Chiweto changa chadwala," anatero a Latifu.

"Pepani, bambo. Chiweto chanji?"

A Latifu anayang'ana zithunzi za pakhoma. Panali ng'ombe, mbuzi, nkhuku, galu.

"Bakha," anatero.

"Chikumuvuta n'chiyani?"

"Sakudya. Wafooka thupi lonse. Mutu ukunjenjemera, ndiye akagwa chagada akulephera kudzuka."

"Abakha ena ali bwanji?"

"Ndi mmodzi yekha."

"Miyendo ikugwira? Nthenga zanyankhalala?"

Munthu wamkulu, wa imvi, kuima pamaso pa mwana n'kumapeka nthenga. Anayankha kuti sanayang'anitsitse.

Mayeso anaika cholembera pansi. "Bambo, zimene mukunenazi zikumveka ngati poizoni. Simunapopere mankhwala m'khola? A nsikidzi, a mbewu, a anankafumbwe?"

"Ayi. Sindinapopere kanthu." Ndipo sankanama.

"Ndiye mankhwala opereka osaona chiweto n'kulota chabe. Bwerani naye ndimuone. Ngati n'kovuta, ndiuzeni kwanu ndibwere ndi njinga yamoto."

Apa mawu anafika pamlomo penipeni. Mnyamatayo anali ndi nkhope yabwino, ndipo mwina akanamvetsa. Koma kumbuyo kwawo kunali mayi wina wodikira mankhwala a nkhuku, khutu lili tcheru, komanso a Latifu ankadziwa kuti nsato ndi nyama ya boma, yosaloledwa kusunga pakhomo. Anaona m'maganizo mwawo galimoto ikuima pakhomo pawo, anthu a yunifolomu akutulutsa bokosi, mudzi wonse ukuonerera.

"N'kutali," anatero.

Mayeso anapukusa mutu n'kuwapatsa kapaketi ka ufa wachikasu wosungunula m'madzi. "Awa ndi ongowonjezera mphamvu, si ochiza. Mum'chotse pamene akugonapo, mumuike pamalo oyera, ndipo aziwothera dzuwa. Chiweto chofooka chisakhale mumdima."

Ufa wachikasu uja unatsikira m'mbali mwa kamwa monga unachitira uchi. Za dzuwa a Latifu anazimva, koma anazikankhira kumbali. Nyumba yawo inalibe mpanda, chipinda cha nsato chinalibe zenera, ndipo bwalo lawo linayang'anizana ndi njira yopita kudoko. Dzuwa la pamudzi umenewo linali la anthu onse.

Kenaka linawabwerera ganizo limene ankalithawa. Bwanji ngati chilumba chikuitanitsa chake? Anasunga mwana wa eni kwa zaka, akulonjeza chaka ndi chaka, ndipo mwina nthawi inali itakwana. Anathamangira kudoko, okonzeka kuiika m'thumba n'kuibweza kwawo tsiku lomwelo, bola ikakhale moyo ngakhale iwo asadzaionenso. Anapeza maboti onse atakokeredwa pamchenga, nyanja itachita thovu, mafunde akumenya ngati ali ndi mlandu ndi munthu. Anapempha mwini boti wina, mnzawo wakalekale, kuti awaolotse.

"Ndi mwera umenewu? A Latifu, mwaiwala nyanja? Kuli chiyani ku Mbenji chosadikira?"

A Latifu anangobwerera kunyumba. Lachisanu kumzikiti anakweza manja nthawi yaitali kuposa aliyense, akupempha Mulungu achiritse wodwala wa m'nyumba mwawo, osatchula dzina ngakhale mumtima, ngati kuti Mwini zonse angakhumudwe akamva kuti ndi njoka.

M'mawa wa tsiku lotsatira a Hasina anawotcha mbatata, anathira tiyi, anaitana. Zii. Anaitananso. Kenaka anamva phokoso limene sanalimvepo chikwatiwire, ngakhale pamaliro a apongozi awo. Amuna awo ankalira.

A Hasina anaima pakhomo pa chipinda chija. Ankaiopa njokayo ndi mtima wawo wonse, ndipo ankadana nayo, chifukwa inkamva mawu amene iwo sankauzidwa. Koma analowa. Anapeza a Latifu atakhala pansi, mutu wa nsato uli pamwendo pawo, thupi lake lonse likadali m'bokosi m'kati mwa neti.

"Akupita, mayi," anatero a Latifu. "Ndayesa zonse. Sindikudziwa chimene ndalakwa."

"Muli fungo muno. Wodwala amagona pauve chonchi? Dzukani, tichotse zofundazi tikutumule."

Anatero a Hasina mwaukali. Anakoka bulangete, n'kugwira neti ija ndi manja awiri kuti aizule pamisomali. Pansi pa bokosi panagwa mphemvu zakufa zambirimbiri, akangaude, ndi nalimata wouma gwa. A Hasina anaziyang'ana. Anapukuta thukuta kumaso ndi mkono, ndipo posakhalitsa nkhope inayamba kuwayabwa n'kumatentha ngati apakapo tsabola.

"Neti iyi munaiyanika musanaiike?"

"Kuyanika bwanji?"

"A zaumoyo aja ananena kuti tiziyamba taiyanika pamthunzi, mankhwala achepe mphamvu. Inu munali kuti? Munangoichotsa m'pepala?"

A Latifu anavomera ndi mutu.

"Taonani nkhope yangayi, ndangoigwira kamodzi. Taonani mphemvuzi. Nanga mnzanuyu, wagonapo ndi mimba yonse, akunyambita ndi lilime, inu n'kumufunditsanso kumutu, n'kutseka mabowo."

Anasiyira pomwepo, chifukwa anaona nkhope ya amuna awo. A Latifu anayang'ana neti, anayang'ana timisomali timene anakhoma okha mosamala, kamodzikamodzi. Mnyamata wa ku Salima anafunsa za poizoni, iwo n'kukana ndi mtima woyera. Usiku uliwonse ankagona m'chisanza akulumidwa ndi udzudzu, akudziyamikira, pamene mwana wawo ankamwa imfa m'chipinda chinacho. Ndipo atayamba kudwala, anamuwonjezera.

"Ndamupha ndine," anatero.

"Sanafe. Gwirani uko."

Umu ndi mmene a Hasina anagwirira njoka koyamba m'moyo wawo. Anafunditsa madzi pambaula, anathira m'bafa lalikulu lochapira, ndipo awiriwo anaisambitsa kuyambira kumutu mpaka kumchira, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Inali yolemera ngati thumba la mchenga. Madzi ofunda anaitsitsimutsa pang'ono, mchira unagwedezeka, koma atangoitulutsa m'bafa inayambanso kuzizira m'manja mwawo. Njoka ilibe moto wakewake m'thupi. Ukaifunditsa bulangete umangosunga kuzizira komweko, ndipo makala a pambaula m'chipinda chotseka akanaimaliza ndi utsi.

Kunja dzuwa linali litakwera, lowala bwino, ndipo pabwalo pawo, kuseri kwa khoma kumene mphepo sinkafika, mchenga unali utayamba kutentha. A Latifu anayang'ana kuwala kumene kunkalowa pansi pa chitseko. Anamvanso mawu a anthu. Chifukwa cha mwera panalibe amene anapita panyanja, ndiye mudzi wonse unali pamtunda: amuna pabawo pansi pa mtengo wa mango patsidya pa njira, amayi pamathandala opanda nsomba akucheza, ana paliponse. Pa masiku onse a chaka, limeneli ndiye linali loipitsitsa.

A Hasina anaona kumene maso awo analoza.

"Mukamutulutsa, dzina lathu latha."

"Ndikudziwa."

"Palibe adzabweretsenso ukonde pakhomo pano."

"Ndikudziwa, mayi."

"Adzanena kuti ana athu..."

"Adzanena," anatero a Latifu. "Ndipo adzanenera inu, pamjigo, osati ine. N'chifukwa chake ndikuti mukandiletsa sindimutulutsa. Afera muno, ndimukwirira mwakachetechete, palibe adzadziwe. Nenani inu."

Anali kunena zoona, ndipo a Hasina anadziwa kuti ndi zoona. Anayang'ana mwamuna amene anakana mitala chifukwa cha iwo, atakhala m'matope a madzi osambitsira njoka, malaya atanyowa. Anapsa mtima, anamva chisoni, anachita mantha, zonse pakamodzi. Kenaka anadzuka, anatenga pepala lakuda la pulasitiki lofunditsira maukonde, anatsegula chitseko chakumaso mpaka kukhoma, n'kukaliyala pakati pa bwalo.

A Latifu anatuluka nsato ili pamapewa, mutu ataugwirizira m'dzanja.

Woyamba kuona anali mwana wina, amene anakuwa n'kugwetsa chigubu. Bawo inathera pomwepo. Anthu anathawa kaye, kenaka anabwerera, monga amachitira anthu, n'kuima mozungulira patali. A Latifu sanayang'ane aliyense. Anaigoneka papepala lofundalo, anaiwongola bwinobwino kuti dzuwa liifike thupi lonse, n'kukhala pansi pambali pake.

Anyamata ena anali atatola kale miyala ndi zidutswa za njerwa. A Latifu anakweza mutu.

"Ndi ya ku Mbenji iyi," anatero, osakweza mawu. "Inabwera m'chilimira. Woponya mwala aponye, koma adziwe yekha pokwera boti."

Ambiri mwa anyamatawo chakudya chawo chinali ku Mbenji komweko. Miyala inatsika imodziimodzi. Koma pakamwa pa munthu sipaopa chilumba. Panali mayi wina woyandikana nawo nyumba, a Zahra, wogulitsa usipa, amene kwa zaka zambiri ankabwereka mchere ndi moto kwa a Hasina. Ndi iwo analankhula, mokweza kuti aliyense amve.

"Ndiye ana ankathera m'menemu. Ife kumamvera chisoni anthu, eni ake akudyetsa chinjoka."

Gulu linang'ung'udza movomereza. Ndikanakhala ine ndikanawatukwana a Zahra mpaka dzuwa kulowa, koma a Hasina sanatero. Anayenda kuchoka pakhomo pamene anaima, anakhala pansi pamchenga, anakonza chitenje, n'kunyamula mchira wa nsato kuuika pamiyendo pawo. Anayamba kuisisita pamsana ngati mmene amasisitira mwana wa malungo.

Anakhala choncho dzuwa likukwera. Ena anatopa n'kuchoka, ena anabwera kuchokera kumidzi ina atamva mbiri, ena ankajambula ndi mafoni. Mthunzi wa denga ukayandikira, awiriwo ankakoka pepala kulitsatira dzuwa. A Latifu ankanyowetsa chala m'kapu n'kudonthezera madzi pamlomo pake, akulankhula nayo motsitsa, kuipepesa, kuilonjeza kuti mphepo ikangoleka aiperekeza kwawo.

Chakumasana thupi lake linafunda. Kunjenjemera kwa mutu kunachepa. Kenaka lilime linatuluka, pang'onopang'ono, n'kukhudza dzanja la a Latifu, ndipo khosi linapindika n'kuzungulira mkono wawo n'kufinya, mofooka koma kufinya ndithu.

"Mwaona, mayi? Wandizindikira. Akubwerera."

Ankaseka, misozi ikutsika m'ndevu. Koma kumchira kumene anagwira a Hasina kunali kutayamba kuuma. Patapita kanthawi thupi lonse linagwedezeka mwamphamvu, linapotokola, kamwa linatseguka, kenaka linamasuka. Khosi linatsetsereka pamkono pa a Latifu n'kugwera papepala.

Iwo analibweza pamkono. Linagwanso. Mthunzi unafika, ndipo anadzuka n'kuyamba kukoka pepala okha.

"Bambo," anatero a Hasina.

"Akugona. Akafunda amagona chonchi."

"Bambo, wapita. Musiyeni."

Anakokabe pepalalo mpaka pamene dzuwa linali, anakhala pansi, n'kuika dzanja pamutu pake. Anthu anayamba kuchoka awiriawiri. Pamene kuitana kwa swala ya masana kunamveka, pabwalo panali patatsala eni nyumba okha ndi ana ochepa ataima kutsidya kwa njira.

Anaikwirira kuseri kwa nyumba, ataikulunga m'nsalu yoyera imene a Hasina anatulutsa m'sutikesi. Neti ija a Latifu anaitentha.

Zimene a Hasina ananena zinachitikadi. Eni maukonde anabwera kudzatenga katundu wawo wosasokedwa, ena osapereka ngakhale moni. Kumzikiti anthu ankasiya kampata pambali pa a Latifu pamzere. Pamjigo a Hasina akafika nkhani zinkaduka. Patapita miyezi asodzi achikulire angapo a ku Mbenji anayambanso kubweretsa zilimira zawo, poti msoko wabwino ulibe mfiti, koma ankazisiya m'mphepete mwa bwalo n'kuitana ali chiimire. Awiriwo akukhalabe m'nyumba yomweyo mpaka lero, ndipo madzulo amadyera limodzi pakhonde.

Ana a pamudzipo ndiwo sanaiwale. Anawapeka dzina, ndipo a Latifu akamadutsa ndi njinga yawo kupita kudoko, amabisala kuseri kwa mathandala n'kumakuwa kuti, "Bambo a njoka, bambo a njoka." Tsiku loyamba a Hasina anatola kamtengo kuti awathamangitse, koma amuna awo anawagwira mkono. Anzawo onse amene anakulira nawo limodzi akhala akuitanidwa bambo a uje, bambo a uje, kuyambira ali anyamata. Iwo anafika pa imvi akungotchedwa a Latifu.

Ndiye ana aja akakuwa, bambowa amatsika panjinga, amatembenuka, n'kuyankha kuti, "Ee, ndine."